Bikoni ya m'munda mwa agogo ndi pulani ya Lilongwe ya 1968

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, pepani kuti ndakhala chete kwa kanthawi. Mukudziwa kale mmene zimakhalira teremu ikamatha, munthu umagona ndi mapepala ochonga. Tchuthi chitayamba ndinapita kumudzi cha ku Nsaru kukaona mayi, ndipo tsiku lina m'mawa tikuyenda m'malire a munda ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa Fomu 2, iye anapunthwa pa kachipilala ka simenti kamene kanabisala mu udzu. Atadzuka anandifunsa kuti, "Malume, kodi pano panali manda?" Ndinamuuza kuti si manda, ndi bikoni, ndipo inakwiriridwa pamenepo mayi ake asanabadwe. Anafunsanso kuti anaikwirira ndani, nanga ankafuna chiyani. Funso loyambalo ndinayankha msanga. Lachiwirilo ndi limene landilembetsa nkhaniyi, chifukwa ngakhale anthu amene anaika bikoniyo anatha zaka zambiri akusinthasintha yankho lawo.

Bikoni ija ndi chotsalira cha Lilongwe Land Development Programme, pulojekiti imene inayamba mu 1968 ndi ngongole ya madola 6 miliyoni kuchokera ku Banki Yaikulu pa Dziko Lonse. Pulani yoyamba inali ya maekala 500,000 kumadzulo kwa tauni ya Lilongwe, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 dera linali litapitirira maekala 1 miliyoni, ndi mabanja a alimi pafupifupi 100,000. Ngati kwanu ndi ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula kapena cha ku Nambuma, n'kutheka kuti msewu wafumbi umene mumadzera popita kumsika unalambulidwa nthawi imeneyo. M'kalasi nkhaniyi timaidutsa ndi mizere iwiri: mapulojekiti anayi akuluakulu a zaulimi, wa Lilongwe, wa Salima, wa Chigwa cha Shire ndi wa Karonga. Ana amaloweza, nkukhoza mayeso, basi. Ine chimene chimandikoka si mndandandawo ayi, koma momwe akatswiri anayambira ntchito ali ndi chitsimikizo chonse kuti vuto akulidziwa, nkumazindikira pang'onopang'ono, ntchito ili mkati, kuti funso lenilenilo anali asanalimvetse.

Funso lakuti vuto la mlimi wa ku Lilongwe ndi chiyani silinayambe ndi Banki. Atsamunda anali nalo kale yankho lawo: nthaka ikukokoloka chifukwa mlimi salima bwino. Mu 1946 anakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe, ndipo itapita njala ya 1949 bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi mkulu wa zaulimi Richard Kettlewell anakhwimitsa zinthu. Imeneyi ndiyo nthawi ya malimidwe imene agogo athu ankaitchula mokwiya: mizere yopingasa malo otsetsereka, migula yokumba ndi manja nthaka ili gwa, kuzula ziputu za fodya pofika tsiku loikika, ndipo wolephera ankalipira chindapusa kapena kukalowa m'ndende. Chipani cha Congress sichinavutike kupeza otsatira kumidzi, malimidwe ndiwo ankachikopera anthu. Atsamunda omwewo anayesanso kusankha alimi ochepa achitsanzo nkumawapatsa bonasi, anayesanso kusanja minda ya midzi ina mwatsopano, koma zambiri zinafera m'mazira ndale zitatentha mu 1959. Chodabwitsa n'chakuti mizere ija inakhalabe, ndipo lero mwana wa kumudzi amaona ngati makolo athu ankalima choncho kuyambira kalekale.

Tsono amene anakonza pulani ya 1968 ankadziwa kuti chikwapu sichingagwirenso ntchito. Ambiri mwa iwo anali azungu odziwa kuyeza malo, mainjiniya ndi akatswiri a zachuma, ndipo dera lathu analiona kaye kuchokera kumwamba, pa zithunzi zojambulidwa ndi ndege. Anaona chigwa chachikulu cha nthaka ya katondo yachonde, chopanda misewu yodalirika, chopanda madzi abwino, misika ili kutali, minda yosalongosoka. Dzina la pulojekiti lenilenilo likuulula maganizo awo: chofunika kutukulidwa chinali malo. Anagawa dera lonse m'mayuniti a maekala pafupifupi 20,000 iliyonse. Yuniti iliyonse inayenera kukhala ndi likulu lake, pamene pali msika wogulira mbewu, mosungira feteleza, maofesi ndi nyumba za alangizi. Misewu anaidutsitsa pa mitunda kuti madzi asamaidule, anakumba ngalande zopatutsa madzi, anakumba mijigo, anachulukitsa alangizi kuposa kwina kulikonse m'dziko muno, ndipo mbewu ndi feteleza zinkaperekedwa pa ngongole. Papepala masamu anali oyera: zokolola za chimanga ndi mtedza zikwera chaka ndi chaka, zotsala zigulitsidwa kunja, ndalama za kunjazo zibweza ngongole. Zonsezi anaziwerengera zaka 13 kutsogolo. Anzanga aphunzitsi, taganizani munthu kulemba masikimu a zaka 13 asanalowe n'komwe m'kalasi kukaona ana.

Ntchito ya zomangamanga inayenda bwino, ndipo apa tiwayamikire. Koma msewu ndi vuto lokhala ndi mapeto ake. Umadziwa poyambira, umadziwa pothera, ukafika pamenepo umapukuta thukuta nkuuza abwana kuti ntchito yatha. Kutukula moyo wa mlimi si choncho. Mu 1973 aphunzitsi awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Horst Rittel ndi Melvin Webber, analemba nkhani imene inatchuka kwambiri pakati pa okonza mapulani. Iwo anati pali mavuto ena amene anawatcha wicked problems, ine ndimati mavuto oterera ngati mlamba. Vuto lotere silifotokozeka mokwanira usanayambe kulithetsa, momwe walifotokozera ndi momwe wasankhiratu yankho, palibe belu lokuuza kuti wamaliza, ndipo chilichonse chimene wayesa chimasiya chipsera pa anthu enieni, sungafufute ngati choko pa bolodi. Sankalemba za Malawi, koma mukawerenga mungaganize kuti anagonako ku Nsaru. Chaka chomwecho mkulu wa Banki, Robert McNamara, analankhula ku Nairobi kuti cholinga chachikulu tsopano ndi kuthetsa umphawi wa alimi ang'onoang'ono. Pulojekiti imene inayamba ngati ya malo ndi zokolola zogulitsa kunja inadzapezeka ikuonetsedwa kwa alendo ngati chitsanzo cha nkhondo yolimbana ndi umphawi, ndipo m'kupita kwa nthawi anawonjezeramo zinthu ngati zaumoyo zimene poyamba sizinali pakati pa pulani. Funso linasintha pamene mathirakitala ali kale m'thengo.

Pamene pulani inapunthwa koyamba ndi pa nkhani ya bikoni ija. Mu 1967 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atatu okhudza malo: Registered Land Act, Customary Land Development Act ndi Local Land Boards Act. Kamuzu powafotokoza ananena kuti kasungidwe kathu ka malo n'kachikale, kuti malo a aliyense alibe womasamala, ndiponso kuti banki singabwereke ndalama munthu wopanda pepala la malo. Mlangizi wa boma pa nkhaniyi anali S. Rowton Simpson, Mngelezi wodziwa bwino zimene zinachitika ku Kenya, kumene kuyambira ndi pulani ya Swynnerton ya 1954 timinda tomwazikana tinkaphatikizidwa kukhala munda umodzi wolembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Lilongwe kumadzulo ndiko kunasankhidwa kuti malamulowa akayesedwe.

Komatu kuno ndi kwa Achewa. Munda umayenda ndi mbumba. Mwamuna wa chikamwini amalima munda wa kuchikazi, ukwati ukatha amanyamula khasu ndi bulangete lake nkubwerera kwawo. Kwina kuli chitengwa, mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndipo midzi yambiri ili ndi zonse ziwiri. Woyang'anira malo ndi mwinimbumba, malume, amene mwina sakhalanso m'mudzimo chifukwa nayenso ali ku chikamwini kwina. Pamwamba pake pali nyakwawa. Ndiye woyeza malo akafika ndi fomu yokhala ndi mpata umodzi wa dzina la mwini, alembepo yani? Akalemba mwamuna amene wampeza ndi khasu m'mundamo, walanda mbumba. Akalemba mkazi, malume afunsa kuti anakufunsani ndani. Akalemba malume, ana a malumewo tsiku lina adzati munda ndi wa bambo athu, pepala likutero. Ndiponso timinda tomwazikana tija sitinali chisokonezo monga tinkaonekera pa chithunzi cha ndege. Banja linkafuna kwina kumtunda kwa chimanga, kwina kwa mchenga kwa mtedza, ndi kadimba kudambo, kuti mvula ikavuta mbali imodzi mbali ina ipulumutse.

Zotsatira zake, maganizo opatsa munthu aliyense pepala lake anaikidwa pambali, ndipo kuphatikiza minda ngati ku Kenya sikunapite patali. M'malo mwake malo anayamba kulembedwa ngati a banja lonse, chimene anthu anachitcha ndunda, ndipo m'kaundula munkalowa dzina la mtsogoleri wa banja ngati woimira abale ake onse. Madambo, manda ndi malo a mudzi anasiyidwa kuti akhale a onse. Ine ndimaona kuti apa okonza pulani anachita chanzeru, anagonjera zimene anapeza. Koma taonani chimene chinatsatira. Cholinga choyamba chinali chakuti pepala likhale chikole cha ngongole ku banki. Nanga banki ingalande bwanji munda umene mukulima mabanja khumi a mbumba imodzi? Yankho latsopanolo linapha chifukwa chimene ntchitoyo inayambira, koma ntchito yoyeza ndi kukwirira mabikoni inapitirirabe kwa zaka zambiri, pang'onopang'ono kuposa momwe anawerengera, ndipo sinafalikire ku maboma ena. Komanso dzina lolowa m'kaundula nthawi zambiri linali la mwamuna, m'dera limene malo amayenda ndi akazi. Mtsogoleri akamwalira, mabanja ambiri sankapita kukasinthitsa dzina, moti kaundula anayamba kunena za anthu amene ali kumanda. Katswiri wathu wa malamulo Clement Ng'ong'ola analemba za zimenezi mu 1982, ndipo amene mukuchita za malamulo ku Zomba muyenera kumuwerenga.

Ngongole nayo inasintha maonekedwe, koma iyi inasintha msanga chifukwa vuto lake linkaoneka m'mabuku a akalaliki. Poyamba mlimi aliyense ankatenga payekha. Alimi atachuluka, ntchito yolemba ndi kulondola munthu mmodzimmodzi inakula kwambiri ndipo inkadya ndalama. Mu 1973 anayamba kubwereketsa magulu, pa chiwongoladzanja chotsikirapo, ndi lamulo lakuti mmodzi akalephera kubweza gulu lonse silidzalandira chaka chamawa. Apa ndi pamene panachokera makalabu a alimi amene anadzafalikira m'dziko lonse. Chikole chimene ankachifuna mu pepala la malo anachipeza mwa anansi. Kubweza kunali kokwera zedi, kufika pafupi ndi 100 peresenti zaka zina, ndipo akatswiri akunja ankabwera kudzaphunzira. Zimene malipoti sankanena mokweza n'zakuti kalabu inkasankha anthu amene ikudziwa kuti abweza, ndiye wosauka kwenikweni, mayi wamasiye wa kamunda kochepa, ankatsalira kunja. Ndiponso m'nthawi ya chipani chimodzi wolephera kubweza ankatha kulandidwa katundu, ndipo panalibe kokadandaula. Chilala cha 1992 chitabwera pamodzi ndi mphepo ya matipate, alimi ambiri analeka kubweza, ndipo bungwe la SACA limene linkayendetsa ngongolezi kuyambira 1988 linagwa, mu 1994 nkulowedwa m'malo ndi Malawi Rural Finance Company. Apa mpamene tinadziwa kuti mbali ina ya chipambano chija inali mantha.

Koma nkhani imene imandipweteka kwambiri, ndipo ndimaikonda kuifotokoza m'kalasi, ndi ya chimanga. Msana wa pulani yonse unali wakuti mlimi asiya chimanga cha makolo nkutenga mbewu zamakono. Mbewu zinalipo. Panali SR52, haibulidi yotchuka imene inatulutsidwa ku Southern Rhodesia mu 1960, panali makompoziti ngati UCA yochokera ku Tanzania, kenako MH12. Pa munda wachitsanzo, ndi feteleza wokwanira, haibulidi inkabereka kuposa cha makolo kutalitali. Alangizi anaphunzitsa, wailesi inalengeza, Kamuzu mwini wake poyendera mbewu ankayamikira achikumbe. Koma chaka ndi chaka owerengera a pulojekiti ankapeza chinthu chimodzimodzi: alimi ambiri akudzalabe cha makolo pa gawo lalikulu la munda, ndipo amene atenga haibulidi akuidzala pambali kuti akagulitse ku ADMARC ndi kubweza ngongole. M'dziko lonse haibulidi sinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a minda ya chimanga ya alimi ang'onoang'ono mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Yankho losavuta linali lakuti mlimi ndi wosamva, wokakamira zakale, ndiye mankhwala ake ndi kuwonjezera alangizi ndi misonkhano.

Mayi wina aliyense wa ku Kabudula akanatha kuwauza chifukwa chake pa mphindi zisanu, akanafunsidwa. Nsima imene timaikonda ndi ya ufa woyera, ndipo ufa woyera umayamba ndi kukonola mu mtondo. Chimanga cha makolo n'cholimba, ukachikonola gaga amachoka, mphale imatsala yathunthu, nkuiviika, nkuiyanika, nkupita nayo kuchigayo. Mahaibulidi a nthawi imeneyo anali ofewa, a kadzenje pamutu. Ukawathira mu mtondo amaphwanyika, ufa wambiri umapita ndi madeya popeta, ndipo dengu limene limayenera kudyetsa banja masiku angapo limatha msanga. M'nkhokwe namo anankafumbwe ankayamba ndi chofewacho, makoko ake sankatseka bwino nsonga, moti pofika miyezi ya njala chinali fumbi. Wasayansi ankayeza zokolola pa sikelo tsiku lokolola. Mayi ankayeza ufa wotsala mu lichero mwezi wa Febuluwale. Onse awiri ankawerenga molondola, koma ankawerenga zinthu zosiyana, ndipo pulani inamvera mmodzi yekha. Chimene chimandiwawa n'chakuti malo a kafukufuku a Chitedze, amene anatsegulidwa mu 1948, ali pa msewu wa Mchinji pomwepa, pafupi ndi Mpingu. Phokoso la mitondo ya m'midzi yozungulira liyenera kuti linkamveka m'maofesimo m'mawa uliwonse.

Jonathan Kydd, amene anaphunzitsapo ku Chancellor College ndipo anasanthula ziwerengero za pulojekitiyi, analemba mu 1989 kuti kafukufuku wa chimanga m'Malawi analephera kwa nthawi yaitali pa chifukwa chimenechi. Zinthu zinatembenuka pamene funso linasinthidwa. M'malo mofunsa kuti tichite chiyani kuti mlimi alandire mbewu yathu, anayamba kufunsa kuti mbewu imene mlimi angailandire ndi yotani. Akatswiri a Chimalawi a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT la ku Mexico ndi Rockefeller Foundation, anakwatitsa mahaibulidi amene analipo ndi mtundu wina wolimba, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18. Mbewu zimenezi zinkakonoleka pafupifupi ngati cha makolo, ndipo amayi anazivomera. Werengani nokha: kuchokera 1968 kufika 1990 ndi zaka 22. Mwana wobadwa chaka chimene pulojekiti inayamba anali atakwatira kale pamene mtondo unaloledwa kulowa mu pulani. Melinda Smale, amene anafufuza nkhaniyi m'midzi, anaipatsa nkhani yake ya 1995 mutu wochokera pa mawu athu omwe akuti chimanga ndi moyo.

Za mtedza sindichulutsa. Pulani inayembekezera kuti Chalimbana abereka kwambiri, koma zokolola sizinakwere monga analembera, ndipo zaka zina zinkatsika. Ng'ombe zinalowa pambuyo pake, ndi famu ya ng'ombe ya Dzalanyama imene inkapereka nthena zoti alimi azinenepetsa m'khola pa ngongole. Apanso panali chobisika. Anita Spring, amene anatsogolera kafukufuku wa amayi pa ulimi ali ku Chitedze kuyambira 1981 mpaka 1983, anaonetsa kuti ntchito yambiri ya kumunda, ngakhale yodyetsa ndi kumwetsa ng'ombe zimenezi, inkagwiridwa ndi amayi, pamene maphunziro a ulimi ndi ngongole zinkapita kwa abambo, amayi nkumaphunzitsidwa kuphika ndi kusoka. Ndipo m'dziko muno pafupifupi mabanja atatu pa khumi aliwonse a kumudzi ankatsogoleredwa ndi amayi. Mlimi amene anali m'mutu mwa okonza pulani mu 1968 anali bambo, mwini munda, wolima kuti agulitse. Ku Lilongwe kumadzulo munthu woteroyo analipo, koma sanali iye yekha, ndipo mwina sanali wochuluka.

Panali chinthu chimodzi chimene pulani sinathe kuchikhudza, ngakhale ena mwa akatswiriwo ankachiona. Mlimi wamng'ono ankagulitsa fodya wa chikopa, mtedza ndi thonje kwa wogula mmodzi yekha, Farmers Marketing Board, imene mu 1971 inasanduka ADMARC. Mtengo unkaikidwa ndi boma, ndipo pa fodya makamaka unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene ADMARC inkapeza pogulitsa. Kydd ndi mnzake Robert Christiansen anaonetsa mu 1982 kuti phindu limeneli linkathandiza kukuza maesiteti ndi makampani ngati Press, pamene lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale mpaka cha mu 1990. Ndiye dzanja lamanja linkamanga misewu ndi kupereka feteleza pa ngongole, lamanzere linkatenga phindu pa sikelo. Anyamata ambiri a m'midzi ya pulojekiti ankapitabe ku migodi ya ku Joni kapena kukakhala matenanti ku maesiteti a ku Kasungu ndi Mchinji. Mu boma limene nduna ya zaulimi kwa zaka zambiri inali Kamuzu mwini wake, ndani akanalemba mu lipoti kuti vuto la mlimi ndi mtengo? Vuto linafotokozedwa mpaka pamene ndale zinkalola, kupitirira apo kunali kuphompho.

Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970 Banki yomwe inayamba kudzifunsa mafunso. Uma Lele, mayi wa ku India wogwira ntchito ku Bankiko, anatulutsa buku mu 1975 lotchedwa The Design of Rural Development, ndipo Lilongwe inali imodzi mwa mapulojekiti amene anawasanthula. Mfundo yake ina inali yakuti mapulani ankalembedwa anthu asanadziwe mokwanira za alimi, choncho ndi bwino kuyamba ndi zochepa, kuphunzira, kenako nkuwonjezera. Kunonso boma linaona kuti njira ya Lilongwe ndi yodula kwambiri, singafike m'dziko lonse ngakhale patapita zaka makumi angapo. Mu 1978 kunayamba National Rural Development Programme, imene inachepetsa zomangamanga nkulimbikira ulangizi, ngongole ndi misika, ndipo dziko linagawidwa m'zigawo zisanu ndi zitatu za zaulimi, ma ADD, ndi tizigawo ta pansi pake, ma EPA. Amene munakhalapo ndi bambo kapena mayi mlangizi ku Mpingu kapena ku Ukwe, ofesi imene ankapitako ija ndi mdzukulu wa mayuniti aja. Mu 1980 David Korten analemba zosiyanitsa pulani yojambuliratu zonse ndi pulani yophunzira ili pa ulendo, ndipo ku Chitedze kunayamba kafukufuku woyesera mbewu m'minda ya alimi eniake, ofufuza nkumafunsa mlimi chifukwa chimene amasakanizira chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi m'malo momudzudzula.

Sindikufuna kuti muchoke pano mukuseka anthu a 1968. Ife amene tinakulira m'derali tinamwa madzi a mijigo yawo, ndipo odwala ambiri anafika ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete pa ngolo zoyenda m'misewu yawo. Katswiri wa zachuma Albert Hirschman analemba mu 1967 kuti anthu ambiri sakanayamba n'komwe ntchito zazikulu akanadziwiratu mavuto amene ali kutsogolo, ndipo nzeru zenizeni zimabadwa pamene akumana ndi mavutowo. Ku Lilongwe zinaterodi pa ndunda ndi pa makalabu. Chimene ndimawadzudzula nacho ndi liwiro la kuphunzira kwawo, chifukwa silinali lofanana. Pamene vuto linkaoneka m'buku la ndalama, ankasintha m'zaka zisanu. Pamene linali mu mtondo wa mayi, zinatenga zaka 22. Zikuoneka kuti pulani inkamva msanga mawu a anthu ofanana ndi amene anailemba. Ndipo ife aphunzitsi tisadziyeretse, tonse tikudziwa kalasi imene inalephera mutu wina zaka zitatu zotsatizana ife nkumangoti ana a masiku ano ndi aulesi.

Nkhani ya malo ija sinathe. Mu 1996 Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti yofufuza za malo, mu 2002 kunatuluka ndondomeko ya dziko ya malo, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza Customary Land Act yatsopano, imene inayamba kugwira ntchito mu 2018 nkukonzedwanso mu 2022 mafumu ndi anthu ena atadandaula. Lamuloli linabweretsa makomiti a malo a m'midzi okhala ndi amayi, ndi mwayi wolembetsa malo a makolo m'dzina la munthu kapena la banja. Mafunso amene anthu anafunsa pa misonkhano yofotokozera lamuloli ndi omwe aja anakumana nawo oyeza malo ku Lilongwe kumadzulo: dzina la yani, nanga mkamwini, nanga ana a malume, nanga mfumu itsala ndi chiyani.

Madzulo a tsiku lija ndinafunsa mayi kuti ndunda yathu inalembedwa m'dzina la yani. Anati la malume awo, amene anamwalira ine ndili ku pulayimale. Ndinafunsa za pepala. Anati linali mu sutukesi ya malumewo ku chikamwini kwawo, ndipo sanalionenso chimalizireni maliro. Malo amene pa nthawi yoyeza ankalimidwa ndi mabanja asanu ndi limodzi tsopano tinawerenga mabanja 19, ndipo malire a pakati pawo ndi mizere ya nsenjere ndi mitengo ya mango imene aliyense amaidziwa. Mnyamata uja anafunsa ngati angazule bikoniyo kuti asadzapunthwenso. Agogo ake anamukaniza, anati aisiye pomwepo, amamangirirapo mbuzi.